TIPANGANE KUSANAPSE

Aliyense amene adakhalapo pa msonkhano wa chitukuko m'dera lina la mzinda wa Lilongwe, kaya ku Area 18, ku Area 25, ku Area 47, ku Area 49 kapena ku Kawale, akudziwa m'mene misonkhano yotereyi imayendera. Pemphero likangotha, bambo wina amaimirira nanena kuti chosowa chachikulu m'dera muno ndi phula, pakuti fumbi lawatha ana ndi chifuwa, ndipo dzinja likafika galimoto sifika pakhomo. Asanakhale pansi, mayi wina amayankha kuti kumene phula lidafika kale anthu akulira ndi liwiro la madalaivala, motero choyamba chikhale zitunda za pamseu ndi malo oolokera ana a sukulu. Kenaka mnyamata wina wa kumbuyo amafunsa kuti nanga iye, amene adatsiriza sukulu kalekale koma ntchito sadaipeze, adzaloledwa liti kumanga kasitolo kake m'mbali mwa mseuwo. Dzuwa limapendeka anthu asanamvane, ndipo ambiri amabwerera kwao akung'ung'udza kuti ataya tsiku.

Ife sitikuona kuti tsikulo latayika. Anthu atatuwa aliyense akunena zoona, ndipo ndi chinthu chokondweretsa kuti anthu azikhala pansi kukambirana za mseu wao. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti kawirikawiri zokambirana zimenezi zimayamba mochedwa, gireda itafika kale, mitengo itagwa, maziko a sitolo atakumbidwa. Makolo athu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Tsono maganizo athu pa nkhaniyi ndi awa: anthu a m'dera ayenera kumvana ntchito isanayambe, ndipo pomvanapo atsogoze zinthu zimene zimateteza moyo wa munthu woyenda pansi, ndizo ngalande, njira ya m'mbali mwa mseu ndi malo oolokera. Phula libwere pamodzi ndi zimenezi kapena pambuyo pake, ndipo malonda akule pa malo amene anthu agwirizana, motsata malamulo odziwika kwa onse.

Kuti timvetse vutoli, tiyenera kukumbukira kumene mzindawu udachokera. Pa kalembera wa anthu wa 1966, Lilongwe idali tauni ya anthu osakwana 20,000. Mu 1968 boma lidakhazikitsa bungwe lomanga likulu latsopano la Capital City Development Corporation, ndipo mu 1975 likulu la dziko lidasamuka kuchoka ku Zomba. Kalembera wa 1977 adapeza anthu pafupifupi 99,000, wa 1998 adapeza oposa 440,000, ndipo wa 2018 adapeza 989,318. Ndiko kunena kuti m'zaka 41 zokha anthu a mumzindawu adachuluka kakhumi.

Amene adalemba mapulani a likululi adafuna mzinda wa mitengo ndi mpweya wabwino, wa madera otalikirana, nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ili pakati pa Old Town ndi City Centre. Nyumba adaziika kwaokha, maofesi a boma ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, bwalo la ndege kutali ku Lumbadzi. Maganizowo adali okoma, koma adabala mtunda. Munthu wogona ku Area 25, ku Area 36 kapena ku Chinsapo amayenda ulendo wautali m'mawa ndi madzulo, ndipo anthu ochuluka chotere amakakumana m'miseu yowerengeka yomweyo, makamaka wa M1. Kale mabasi akuluakulu a UTM, ndipo pambuyo pake a Stagecoach, ankanyamula anthu ambiri pa ulendo umodzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ntchitoyo idagwera m'manja mwa maminibasi, kenaka kudabwera njinga za kabaza, zopalasa ndi zamoto zomwe, pamodzi ndi timagalimoto togula kunja. Timiseu ta m'malokeshoni, timene tidalambulidwa kuti anthu azifikira kunyumba zao, lero tasanduka njira zachidule za madalaivala othawa mndandanda wa magalimoto pa mseu waukulu.

Mtunda womwewo ndiwo udabala malonda a m'malokeshoni. Mayi sangakwere minibasi mpaka ku Old Town chifukwa cha mchere ndi sopo. Choncho golosale idatsegulidwa pakona, okala pampanda, saluni m'galaja, ndipo kumene anthu achuluka kudabwera a zigayo, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa simenti ndi malata. Pambuyo pake zazikulu nazo zidatsatira: sitolo za Gateway ku Area 47, bwalo la masewero la Bingu ku Area 48 limene lidatsegulidwa mu 2017, ndiponso malo omwetsera mafuta m'mbali mwa miseu ikuluikulu. Zonsezi zimakoka magalimoto. Motero nkhani ya phula, ya liwiro ndi ya sitolo ndi nkhani imodzi, ndipo dera limene liziweruza iliyonse payokha lidzapeza kuti yankho la funso loyamba laononga funso lachiwiri.

Tiyambe ndi phula. Palibe munthu wanzeru amene angakane mseu wa tala. Umachepetsa fumbi, umafikitsa ambulansi pakhomo usiku wa mvula, ndipo umakweza mtengo wa nyumba za m'mbali mwake. Koma walira mvula walira matope. Mseu wokumbikakumbika umakakamiza dalaivala kuyenda pang'onopang'ono ngakhale asakufuna. Ukasalala, dalaivala yemweyo amaponda moto, ndipo anzake amene kale sankadutsamo amamva mbiri kuti kwatseguka njira yachidule. Pasanathe miyezi yambiri kamseu kamene ana ankaseweramo phada ndi mpira wachikulunga kamakhala ka malole a mchenga ndi njinga zamoto. Eni nyumba nao amakweza lendi, kotero kuti ena mwa amene adaombera m'manja phulalo amasamuka osalidyerera. Zimenezi si zifukwa zokanira phula. Ndi zifukwa zofunsira, phula lisanathiridwe, kuti kodi woyenda pansi adzadutsa pati.

Za liwiro tilankhule ndi masamu, amene mwana wa Sitandade 8 angathe kuwatsimikiza. Galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola imayenda mamita 8 pa sekondi imodzi. Yothamanga makilomita 60 imayenda mamita pafupifupi 17. Dalaivala akaona mwana watulukira kumbuyo kwa minibasi, pamapita sekondi imodzi kapena kuposerapo asanaponde buleki, ndipo m'kanthawi kameneko galimoto yachiwiriyo yadutsa kale kutalika kwa makalasi awiri. Akaponda bulekiyo, mtunda woimira sungowirikiza kawiri pamene liwiro lawirikiza kawiri, koma kanayi. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za maiko woona za ngozi za pamseu, umene udachitikira ku Stockholm mu Febuluwale 2020, udalimbikitsa kuti pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi liwiro lisapose makilomita 30 pa ola. Chaka chomwecho bungwe la United Nations lidaika zaka za 2021 mpaka 2030 kukhala zochepetsa ndi theka imfa za pamseu. Cholinga chimenecho sichingakwaniritsidwe ku New York. Chidzakwaniritsidwa, kapena kulephereka, pa zipata za sukulu zathu za pulaimale.

Chikwangwani pachokha sichichepetsa liwiro, ndipo wapolisi sangaime pa kona iliyonse. Chimene chimagwira ntchito usana ndi usiku ndi mamangidwe a mseuwo: zitunda zomangidwa bwino ndi kupakidwa penti yooneka usiku, malo oolokera okwera pang'ono pa sukulu, pa msika ndi pa chipatala, njira ya oyenda pansi yolekanitsidwa ndi mseu, malo opatuka poimira maminibasi, ndi magetsi a mumseu. Taonapo anthu okwiya akuunjika dothi kapena kukumba mseu mwana atagundidwa. Mkwiyowo tikuumvetsa, koma chitunda chomangidwa ndi misozi usiku chimagwetsa wa kabaza wosalakwa m'mawa mwake. Zitunda zilembedwe pa pulani ndipo zimangidwe ndi mainjiniya a khonsolo maliro asanachitike. Amene akukayika kuti mseu wa m'dera ndi wa yani, akaime m'mbali mwake kuyambira 6 mpaka 8 koloko m'mawa ndi kope ndi pensulo, awerenge oyenda pansi, okwera njinga ndi oyendetsa galimoto zao. Adzapeza kuti oyenda pansi ndiwo ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo avala yunifolomu.

Phunziro lina tidalitenga pa mseu wa Kenyatta. Mu 2021, pamene ntchito yokuza mseuwo kuti ukhale wa mizere isanu ndi umodzi idayamba, mitengo yambiri ya m'mbali mwake idadulidwa, ndipo anthu adadandaula kwambiri m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Sitikunena kuti mseuwo sunkafunika kukuzidwa. Likulu la dziko liyenera kukhala ndi miseu yoyenera likulu, ndipo ntchito monga mphambano yosanjikizana ya ku Area 18 zasintha kayendedwe ka magalimoto. Chimene tikunena n'chakuti madandaulowo adamveka mitengo ili kale pansi. Mtengo wa zaka makumi ambiri sungaimikidwenso ndi kalata ya chidandaulo, ndipo mthunzi umene udatayikawo udali wa woyenda pansi, pakuti wa m'galimoto ali ndi denga lake. Anthu akadaona pulani poyera ntchito isanayambe, akadakambirana mitengo imene ikadapulumuka ndi malo oolokera amene akadafunika. Madzi akatayika saoleka. Ndiponso tikumbukire kuti mseu waukulu ukakula umakoka magalimoto ena, ndipo magalimoto amenewo potsirizira amakatsikira m'timiseu ta m'madera mwathu.

Tsopano tinene za ngalande, chinthu chimene palibe amachiimbira nyimbo pa tsiku lotsegulira. Denga la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, mvula ya mamilimita 20 ikagwa, limatsitsa madzi okwana malita 2,000, ndiyo migolo 10 ya malita 200. Kale madzi amenewa ankalowa pansi m'mabwalo ndi m'minda. Lero tawaka mipanda ya njerwa, tathira simenti pabwalo, ndipo sitolo yaikulu iliyonse imabwera ndi denga lalikulu ndi bwalo loimikapo magalimoto losalowa madzi. Madziwo ayenera kupita kwina, ndipo amapita kwa wokhala kunsi. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira nuononga nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nao, ndipo mu Disembala chaka chomwecho madzi adasesa ku Kaliyeka, ku Chipasula ndi mbali zina za kumwera kwa mzindawu, anthu ena nataya miyoyo. Ngakhale phula lenilenilo mdani wake wamkulu ndi madzi. Akakhala pamwamba kapena kulowa pansi pake amafewetsa maziko, lole ikadutsa phula limasweka, ndipo mvula ziwiri kapena zitatu zikapita dera limabwerera ku maenje akale, ndalama zitapita.

Zobisika pansi pa nthaka nazo zimakhala ndi tsiku lake. Anthu a ku Area 18 sangaiwale Julayi 2017, pamene zonyansa zotuluka m'paipi ya zimbudzi yophulika zidalowa m'paipi ya madzi akumwa, ndipo mabanja adazindikira madziwo atafika kale m'mipopi yao. Nkhaniyo idakafika ku bungwe loona za ufulu wa anthu ndiponso ku khoti chifukwa anthu a m'deralo adagwirana manja. Mapaipi amene adakonzedwera banja limodzi pa puloti sangasenze malo odyera, malo ogona alendo ndi nyumba za lendi zinayi pa puloti yomweyo popanda kukuzidwa. Tikumbukirenso mliri wa kolera umene udayamba mu 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Msika wopanda chimbudzi ndi mpopi, ngakhale utayenda malonda chotani, ndi ngongole imene ana athu adzailipira ku chipatala.

Pamenepa wina angaganize kuti ife tikudana ndi amalonda. Ayi ndithu. Mnyamata wa kumbuyo uja ali ndi mlandu womveka. Ntchito zolembedwa n'zochepa, ndipo mabanja ambiri a mumzindawu amadya chifukwa cha geni. Mphunzitsi wopuma ntchito amene wasandutsa chipinda cha kumaso kukhala golosale sakulakwira munthu, ndipo mayi wogulitsa tomato ndi mandasi pa mphambano ndiye akulipira fizi ya mwana amene mawa adzakhala namwino. Sitolo zapafupi zimachepetsanso maulendo a ku tauni, kotero kuti zimapeputsa miseu ikuluikulu. Mseu umene uli ndi anthu ogula ndi ogulitsa mpaka madzulo umaopsa mbala kuposa mseu wa mipanda yokhayokha. Dera limene likana malonda onse likudzimana ntchito, ndipo silidzapambana, pakuti njala ilibe chiphaso cha khonsolo.

Mbiri yatiphunzitsa kale zimenezi. Mu Epulo 2006 boma lidachotsa mavenda m'miseu ya m'mizinda ndi kuwalozera ku misika, ndipo kwa kanthawi miseu idayera. Koma kuchokera nthawi imeneyo mavenda akhala akubwerera, kuthamangitsidwa ndi kubwereranso. Chifukwa chake n'chodziwika: wogulitsa amatsata mapazi a wogula. Msika womangidwa kumene anthu sadutsa umakhala chigono cha mbuzi, pamene siteji ya minibasi imadzaza ndi mabenchi. Onani timilatho ta mitengo timene anthu akhala akumanga kwa zaka zambiri pa mtsinje wa Lilongwe pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu, pamene munthu amalipira kuti aoloke. Palibe pulani idatilemba, koma anthu adafuna kuoloka pamenepo. Tsono anthu a m'dera posankha malo a malonda ayambe aona kumene anthu amadutsa kale, apatule malo pafupi ndi pamenepo kuseri kwa ngalande ndi njira ya oyenda pansi, ndipo ogulitsawo akhale nao pa msonkhano wosankha malowo.

Koma malonda sali ofanana, ndipo apa ndi pamene anthu ayenera kulimba mtima. Okala ya sopo ndi machesi siisowetsa munthu tulo. Botolo sitolo ya zimkuzamawu moyang'anizana ndi sukulu, galaja yothira oilo m'ngalande, malo ogulitsira simenti amene malole ake amatseka mseu m'mawa ana akupita ku sukulu, kapena malo omwetsera mafuta ogundana ndi nyumba zogona, zimenezi ndi nkhani ina. Phindu lake limapita kwa munthu mmodzi, amene mwina amagona kudera lina labata, pamene phokoso, utsi ndi ngozi zimatsalira anansi. Lamulo la mapulani a malo ndi zomangamanga la 2016, limene lidalowa m'malo mwa la 1988, likuti kusintha ntchito ya malo, monga kusandutsa nyumba yogona kukhala malo a malonda, kumafuna chilolezo. Lamulo limeneli lidaikidwa kuti liteteze mnansi. Pamene chilolezo chiperekedwa mwakachetechete, kapena pamene munthu amanga popanda chilolezo podalira kuti zomangidwa kale sizigwetsedwa, wolangidwa ndi iye amene adasunga lamulo.

Motero tikupempha kuti dera lililonse, polola malonda atsopano, lifunse mafunso asanu ndipo mayankho ake alembedwe. Choyamba, kodi magalimoto a ogula ndi otsitsa katundu adzaima pati? Yankho likhale mkati mwa puloti ya mwini malonda, pakuti njira ya oyenda pansi ikasanduka poimika magalimoto ana amabwerera mumseu. Chachiwiri, kodi madzi a padenga ndi pabwalo adzapita kuti? Chachitatu, kodi chimbudzi, mpopi ndi motaya zinyalala zilipo? Chachinayi, kodi malowo adzatsegulidwa ndi kutsekedwa nthawi yanji, ndipo phokoso lidzaleka liti? Chachisanu, kodi mwini malonda akuluakulu adzathandizapo chiyani pa kalavati, magetsi a mumseu kapena malo oolokera amene akufunika chifukwa cha malonda akewo? Wamalonda woona mtima sadzaopa mafunso amenewa, pakuti amamuteteza iye yemwe ku mikangano ya m'tsogolo.

Tikudziwa kuti pali otsutsa, ndipo tiyenera kuwayankha. Ena akuti kufunsa anthu kumachedwetsa chitukuko, ndipo ndalama zikachedwa zimapita kwina. Zoona, misonkhano imadya nthawi. Koma masabata atatu okambirana ndi ochepa poyerekeza ndi miyezi ya ziletso za ku khoti, kapena ndalama zoswera mseu watsopano kuti muike kalavati imene idaiwalika. Ena akuti ndalama n'zochepa, ngalande ndi njira ya oyenda pansi zidzabwera chaka china. Chaka chinacho sichifika kawirikawiri, pakuti kontilakitala akachoka ndipo riboni ikadulidwa, dera limalembedwa kuti lathandizidwa. Ngati ndalama zikukwana kilomita imodzi ya phula lopanda ngalande, ife tikuti ndi bwino kumanga theka la kilomita lokhala ndi zonse, ndi kutsiriza theka linalo pambuyo. Enanso akuti madandaulo a phokoso ndi magalimoto ndi a anthu olemera ofuna bata kuseri kwa mipanda yao, pamene osauka akufuna ntchito. Mawu amenewa ali ndi choonadi china, ndipo alipo ndithu amene amabisa kudzikonda m'dzina la dongosolo. Koma muyeso umene ife tikupereka ndi wa woyenda pansi ndi wokhala kunsi kwa madzi, ndipo anthu amenewa kawirikawiri si olemera.

N'chifukwa chake funso lakuti ndani amabwera ku msonkhano ndi lalikulu. Kawirikawiri amabwera eni nyumba ndi madoda odziwa kulankhula, pamene ochita lendi amaganiza kuti nkhaniyo si yao. Koma mwana wa wochita lendi amaoloka mseu womwewo. Aitanidwe amayi, amene amadziwa pamene madzi amadikha ndi pamene pali mdima woopsa. Aitanidwe aphunzitsi akulu a sukulu za m'deralo, anthu olumala amene amayenda pa njinga zao kapena ndi ndodo yoyera, a kabaza ndi ogulitsa pa siteji. Msonkhano ukhale Loweruka kapena Lamulungu masana, pakuti wa Lachiwiri 10 koloko m'mawa umapatula onse ogwira ntchito. Pulani ifotokozedwe m'Chichewa, ijambulidwe pa bolodi, ndipo zikhomo zikhomedwe pansi kuti aliyense aone ndi maso pamene mseu udzalekezere ndi mitengo imene idzagwe. Zogwirizana zilembedwe, ziwerengedwe pamaso pa onse, kope lina lipite ku khonsolo ndipo lina likhomedwe pa sukulu kapena pa msika. Chogwirizana chosalembedwa chimasintha ndi munthu wochifotokoza.

Njira zochitira zimenezi zilipo kale m'malamulo athu. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapereka mphamvu za chitukuko cha m'madera ku makhonsolo. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli adasankhidwa mu 2000, koma nthawi yao itatha mu 2005 dziko lidakhala zaka 9 popanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. M'zaka zimenezo anthu ambiri adazolowera kuti za mseu ndi msika zimagamulidwa kwina, ndipo chizolowezicho sichinathe. Tichithetse. Khansala ndi wantchito wa anthu a m'wodi yake, ndipo ntchito yake siithera pa kuyendera maliro. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, likulola nzika kufunsa pulani ya ntchito, mtengo wake, dzina la kontilakitala ndi tsiku lotsiriza. Lamulo la zachilengedwe la 2017 likufuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye m'mene zidzakhudzire anthu ndi malo. Malamulo amenewa ali ngati khasu la pa tsindwi: salima okha.

Pomaliza, chala chimene tikuloza nacho khonsolo ndi amalonda chitilozenso ife eni. Sitingafunse ngalande kwinaku tikutayamo matewera, mapepala a pulasitiki ndi makoko a chimanga. Sitingafunse njira ya oyenda pansi titasuntha mpanda wathu mita imodzi kulowa m'malo a mseu. Sitingalire ndi madzi osefukira tikukumba mchenga ndi kuumba njerwa m'mphepete mwa Lingadzi. Ndipo mwini nyumba amene akhala zaka osalipira msonkho wa malo ku khonsolo alankhule motsitsa mawu pofunsa magetsi a mumseu, monganso khonsolo iyenera kuonetsa poyera kumene msonkhowo ukupita. Achikulire akukumbukira Sabata ya Achinyamata ya nthawi ya chipani chimodzi, pamene anthu ankalambula miseu, kukonza milatho ndi kuumba njerwa za sukulu. Ntchito zambiri zidagwirika, ngakhale kuti munthu sadali ndi ufulu wokana, ndipo chikakamizo chimenecho sitikuchifunanso. Koma mtima wodzithandiza tokha sudali wa chipani. Udachokera kumudzi, kumene mutu umodzi susenza denga, ndipo ungathe kugwira ntchito mumzinda popanda wina kuima kumbuyo ndi chikwapu.

Tsono, amayi ndi abambo a m'madera a mzinda uno, musadikire kuti muone gireda. Miyezi ya chilimwe ndiyo yokonzekera. Sankhani anthu ochepa okhulupirika, amuna ndi akazi, eni nyumba ndi ochita lendi. Yendani nao mseu wanu m'mawa ana akupita ku sukulu, mulembe pamene amaolokera ndi pamene amalowa mumseu chifukwa njira yatsekedwa. Funsani okhala kunsi kuti akuonetseni pamene madzi adafika dzinja lapita. Kenaka itanani khansala, amfumu a m'dera ndi amalonda, muike zofuna zanu mu ndondomeko, choyamba, chachiwiri ndi chachitatu, ndipo muzitumize ku khonsolo bajeti isanalembedwe. Kwa akuluakulu a khonsolo tikuti: kalata yotere ikafika, iyankheni, ndipo mubwere ndi pulani m'manja. Mukatero mseu umene udzamangidwe udzakhala wa anthu onse, ndipo mwana amene mwamutuma ku golosale adzabwerera ndi mchere wake.